Mabungwe a akadaulo a khalidwe la maloya: chaka chonse amatani?

Mphatso

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha mundiunikire pa nkhani ya mabungwe a aphunzitsi ndi ofufuza za khalidwe la maloya pa ntchito, monga International Association of Legal Ethics. Chikundizunguza mutu ndi ichi: bungwe lotere silipereka chiphaso cha uloya, sililanga loya wolakwa, ndipo silikhazikitsa lamulo lililonse. Nanga chaka chonse limatani? Funso lachiwiri, munthu wofuna kukawerenga pepala lake ku msonkhano wawo amayambira pati, ndipo chimagwetsa ambiri n'chiyani?

Bambo Tembo

Mphatso, mbiri yake ikuyankhani theka la funso loyamba. Msonkhano ndi umene unabala bungwe, osati bungwe kubala msonkhano. International Legal Ethics Conference, imene anthu amangoti ILEC, inayambira ku Exeter mu 2004. Inapita ku Auckland mu 2006, ku Gold Coast mu 2008, ndipo bungwe linabadwa ndi msonkhano wachinayi wa ku Stanford mu 2010, Deborah Rhode n'kukhala pulezidenti wake woyamba. Kuchoka apo ndi Banff mu 2012, London mu 2014, New York mu 2016, Melbourne mu 2018. Wa 2020 unalephereka chifukwa cha Covid-19, n'kudzachitika ku Los Angeles mu 2022, ndipo wa 2024 unali ku Amsterdam.

Chifukwa chake chosonkhanira n'chosavuta kumva. Pa sukulu ya zamalamulo mupeza aphunzitsi angapo a malamulo a malonda kapena a milandu ya upandu, koma wa khalidwe la maloya kawirikawiri amakhala mmodzi, mwinanso akuphunzitsa phunziroli ngati katundu wowonjezera. Alibe mnzake womutsutsa pafupi. Chinanso, malamulo a uloya ndi a dziko ndi dziko, ndiye munthu amazolowera kuganiza kuti momwe kwawo amachitira ndi momwe uloya ulili. Akakhala pa tebulo limodzi ndi wa ku England, kumene Legal Services Act ya 2007 inalola anthu osakhala maloya kukhala ndi gawo mu kampani ya maloya, ndi wa ku America kumene Rule 5.4 ya malamulo a khalidwe la maloya imaletsa zimenezo pafupifupi m'maboma onse (states) a dzikolo, amazindikira kuti chimene ankachiyesa mwala chinali chisankho cha anthu.

Mayi Nabanda

Nditenge funso lachiwiri. Komiti ya msonkhano imalengeza kuti ikulandira mapepala kukadali miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu. Simutumiza pepala lonse ayi, mumatumiza chidule, kawirikawiri cha mawu 250 kapena 300 malinga ndi chilengezocho. Chidulecho chimawerengedwa ndi anthu awiri kapena atatu amene ali ndi mulu wa zidule zina patsogolo pawo, ndiye ziganizo ziwiri zoyambirira ndi zimene zimakugwirani kapena kukugwetsani.

Muikemo zinthu izi. Funso lenileni limene mukuyankha. Zimene mwaunika: lamulo liti, la dziko liti, zigamulo zingati za komiti yolanga maloya, kuyambira chaka chiti kufika chiti. Chimene mwapeza. Ndiponso ndani ayenera kusintha kachitidwe kake ngati mukunena zoona, kaya ndi bungwe loyang'anira maloya, makhoti kapena masukulu.

Chimagwetsa ambiri ndi kutumiza mutu m'malo mwa mfundo. "Pepala ili liunika nkhani ya chinsinsi pakati pa loya ndi kasitomala" si mfundo, ndi chitseko chabe. Owerenga akufuna kudziwa mukunena chiyani za chinsinsicho. Cholakwa chachiwiri ndi kusatchula dziko, ngati kuti omvera onse akudziwa malamulo a kwanu. Chachitatu, chimene akadaulo amachiona msanga, ndi kusakaniza zinthu ziwiri zosiyana: udindo wa loya wosunga chinsinsi, umene umakhudza chilichonse chimene wamva pa ntchitoyo ndipo umachokera m'malamulo a khalidwe, ndi chitetezo chimene pa Chingerezi amati privilege, chimene ndi lamulo la umboni loletsa khoti kukakamiza kuti zokambirana za loya ndi kasitomala ziululidwe. Choyamba n'chotambalala, chachiwiri n'chopapatiza. Mukazisakaniza m'chidule, owerenga sapitiriranso.

Mphatso

Zikomo kwambiri Mayi Nabanda. Nanga kutumiza pepala pawekha ndi kutumiza gulu lonse la olankhula, chabwino n'chiti?

Mayi Nabanda

Gulu lokonzedwa kale limapeputsira komiti ntchito, ndiye limakhala ndi mwayi, bola likhale la anthu ochokera m'mayiko osiyana amene akuyankha funso limodzi. Anthu anayi a sukulu imodzi ogwirizana pa zonse sakopa aliyense. Werengerani nthawi musanatumize. Gawo limodzi nthawi zambiri ndi mphindi 90. Olankhula 4, aliyense mphindi 15, zatha 60. Wapampando atenge 5 kuwadziwitsa kwa anthu, zatsala 25 za mafunso. Mukaika olankhula 5, mafunso afa, pomwe mafunsowo ndi amene anthu akwerera ndege. Mphindi 15 ndi mawu pafupifupi 2,000 powerenga mosathamanga, ndiye pepala la mawu 10,000 silingalowemo. Sankhani mfundo imodzi ndi chitsanzo chimodzi. Wapampando akhale ndi makadi awiri, la mphindi 5 ndi la mphindi imodzi, ndipo adule wolankhula woyamba pa nthawi yake ngakhale akhale pulofesa wamkulu, chifukwa akamulekerera, amene amalipira ndi wolankhula womaliza, yemwe kawirikawiri ndi wophunzira.

A Gama

A Tembo, ndikuvomereza mbiriyo, koma ndikukana kuti msonkhano ndiwo mtima wa ntchito. Msonkhano ndi masiku atatu pa zaka ziwiri. Ntchito imene imasiya chizindikiro ndi ya pamene bungwe loyang'anira maloya likulembanso malamulo ake n'kupempha anthu kuti athirepo ndemanga. Pamenepo m'pamene kafukufuku wa zaka khumi amalowa m'lamulo kapena kutsalira pa shelefu.

Taonani momwe zimayendera ku America, chifukwa ndondomeko yake ili poyera. American Bar Association (ABA), bungwe lalikulu la maloya kumeneko, inalemba malamulo achitsanzo a khalidwe la maloya: Canons of Professional Ethics mu 1908, Model Code mu 1969, ndi Model Rules mu 1983 itatha ntchito ya Kutak Commission imene inayamba mu 1977. Pofuna kusintha, amakhazikitsa komiti, monga Ethics 2000 mu 1997 kapena Ethics 20/20 mu 2009. Komitiyo imatulutsa zolemba zoyesera, imamva maganizo a anthu, kenaka House of Delegates, msonkhano wa nthumwi za ABA, imavota. Koma Model Rules si lamulo pa iwo okha. Khoti lalikulu la boma lililonse ndilo limasankha kutenga, kusintha kapena kukana. California inadikira mpaka 2018 kuti isanje malamulo ake motsatira Model Rules. Ndiye wofufuza ali ndi makomo awiri olowera, la ku likulu ndi la ku boma lililonse, ndipo ambiri amagogoda loyamba lokha.

Mayi Nabanda

A Gama akunena zoona, ndipo ndiwonjezere momwe ndemanga yothandiza imalembedwera, chifukwa apa m'pamene aphunzitsi a ku yunivesite amapunthwa kwambiri.

Bungwe likhale ndi munthu mmodzi, kapena kakomiti ka anthu atatu, kamene ntchito yake ndi kulondera zilengezo za mabungwe oyang'anira maloya ndi kulemba masiku otsekera pa kalendala ya mamembala. Nthawi yoperekera ndemanga imakhala masabata owerengeka, kawirikawiri 8 mpaka 12, ndipo ikagwera nthawi ya mayeso imadutsa anthu ali kalikiliki ndi kuchonga. Ndemanga yochedwa ndi tsiku limodzi ikhoza kusawerengedwa n'komwe.

Polemba, yankhani mafunso amene afunsa, ndi manambala awo omwewo, chifukwa wogwira ntchito amene akusonkhanitsa mayankho amawaika m'tebulo funso ndi funso. Nkhani yaitali yosatsata manambala imathera mu gawo la "zina". Tsamba loyamba linene chimene mukupempha m'mizere isanu. Ndipo chachikulu kuposa zonse: perekani mawu enieni a lamulo monga mukufunira kuti limveke, osangoti "ndimeyi iunikidwenso". Lembani ndime yakale, dulani mzere pa mawu ochotsa, onetsani mawu olowa. Komiti yotopa imatenga mawu okonzeka kale. Kenaka yesani mawu anuwo pa milandu itatu: umene lamulo latsopano likuyenera kugwira, umene siliyenera kugwira, ndi wa pamalire. Ngati mawu anu akugwira loya amene simunafune kumugwira, otsutsa adzazipeza inu musanazipeze.

Bambo Tembo

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kulemera kwa liwu limodzi ndi Rule 1.6 ya Model Rules, ya chinsinsi. Tengani mlandu wa Spaulding v. Zimmerman wa ku Minnesota mu 1962. Mnyamata wa zaka 20, David Spaulding, anavulala pa ngozi ya galimoto mu 1956. Dokotala wotumidwa ndi maloya a mbali yozengedwa anapeza kuti mtsempha waukulu wochoka ku mtima wafufuma ndipo ukhoza kuphulika nthawi iliyonse. Madokotala a mnyamatayo sanazione. Maloya amene ankadziwa anatseka pakamwa, mlandu n'kutha pa mgwirizano wa $6,500, mnyamata akuyenda ndi imfa pachifuwa osadziwa. Khoti linadzafafaniza mgwirizanowo chifukwa anali asanakwane zaka za munthu wamkulu ndipo woweruza wovomereza mgwirizano sanauzidwe zonse, koma silinanene kuti maloyawo anaphwanya malamulo a khalidwe.

Model Rules za 1983 sizikanawalola kumutsina khutu, chifukwa zinkalola kuulula pokhapokha kasitomala akukonza upandu umene ungaphe kapena kuvulaza munthu posachedwa. Pa nkhani ya Spaulding panalibe upandu umene ukubwera, panali chete basi. Aphunzitsi anaukhomerera mlandu umenewu m'makalasi ndi m'zolemba kwa zaka zambiri, ndipo kusintha kotsatira Ethics 2000 kunachotsa mawu a upandu wa kasitomala. Tsopano loya angathe kuulula pofuna kupewa imfa kapena kuvulala kwakukulu kumene kuli kotsimikizika ndithu. Koma onani liwulo: "may", osati "shall". Aloledwa, sakakamizidwa. Mkangano wa mawu awiri amenewa sunathe mpaka lero, ndipo maboma ena, monga New Jersey, anasankha kukakamiza pa zochitika zina.

Nasuwema

Pamenepo a Tembo ndiikepo nkhani ya Alton Logan, chifukwa ikuonetsa mpata umene unatsalabe. Logan anamangidwa pa mlandu wopha mlonda ku Chicago mu 1982. Maloya awiri, Dale Coventry ndi Jamie Kunz, anauzidwa ndi kasitomala wawo Andrew Wilson kuti wopha ndi iye. Analemba chikalata cholumbira, n'kuchitsekera m'bokosi, ndipo Wilson anangowalola kuulula iye akadzamwalira. Anamwalira mu 2007, Logan n'kutuluka mu 2008 atakhala m'ndende zaka 26. Funso limene akadaulo amalimbana nalo ndi ili: kodi kukhala m'ndende popanda mlandu kuwerengedwe ngati kuvulala kwakukulu kwa thupi? Massachusetts sinadikire kutanthauzira, inalemba m'lamulo lake momveka kuti loya angaulule pofuna kupewa kunyongedwa kapena kumangidwa kwa munthu wosalakwa. Maboma ambiri sanatero. Wofufuza amene akufuna mutu wokhala ndi phindu aone ngati m'maboma amene analola zimenezi makasitomala anayamba kubisira maloya awo zoona, chifukwa mantha a otsutsa agona pamenepo.

Mphatso

Ndiye bungwelo limalemba ndemanga m'dzina lake, kunena kuti ife monga bungwe tikufuna "shall"?

A Gama

Ayi, ndipo ndikuona kuti lisamatero pa nkhani zimene mamembala amasiyana. M'bungwe lotere muli anthu amene amakhulupirira kuti loya ndi wa kasitomala wake yekha, monga ananenera loya wa ku Britain Lord Brougham mu 1820 poteteza Queen Caroline, ndipo muli ena amene amati loya amasenza nawo mlandu wa zimene wathandiza kasitomala kuchita. Bungwe likatenga mbali, theka la mamembala limasanduka alendo m'nyumba mwawo. Njira yabwino ndi kalata yosainidwa ndi anthu m'maina awo, yokhala ndi mzere wonena kuti maina a masukulu aikidwa pongofuna kuwazindikira. Bungwe lingofalitsa uthenga, lipereke malo okambirana, ndipo ngati pali makalata awiri otsutsana, onse afalitsidwe mofanana.

Kumbukirani za Monroe Freedman, pulofesa wa zamalamulo wa ku America. Mu 1966 analankhula ndi kulemba za mafunso atatu ovuta a loya woteteza woganiziridwa upandu, limodzi mwa iwo lokhudza kasitomala amene akufuna kunama pa mboni. Oweruza ena, kuphatikizapo Warren Burger amene anadzakhala mkulu wa oweruza ku America, anafuna kuti alangidwe chifukwa cha maganizowo. Sanalangidwe, ndipo mafunso akewo akuphunzitsidwabe. Khoti lalikulu linadzagamula mbali ina ya nkhaniyi mu Nix v. Whiteside mu 1986, mosagwirizana ndi iye. Bungwe la akadaulo liyenera kukhala malo amene munthu ngati Freedman angalankhule popanda kuopa, ndipo silingakhale choncho ngati lili ndi chiphunzitso chake.

Mayi Nabanda

Ndikugwirizana nanu a Gama pa nkhani za chinsinsi ndi zina zotero, koma pali malire. Maloya akamamangidwa kapena kuopsezedwa chifukwa choimira anthu odedwa ndi boma, bungwe lisakhale chete ponamizira kusatenga mbali. Basic Principles on the Role of Lawyers, zimene msonkhano wa United Nations unavomereza ku Havana mu 1990, zikunena pa mfundo 16 kuti maboma aonetsetse kuti maloya akugwira ntchito popanda kuopsezedwa, ndipo pa mfundo 18 kuti loya asatengedwe ngati kasitomala wake kapena zolinga za kasitomalayo. Pamenepo palibe mkangano wa akadaulo. Chofunika n'chakuti malamulo oyendetsera bungwe anene ndani angalankhule m'dzina lake, mavoti angati a komiti yaikulu akufunika, ndi maola angati operekedwa kuti mamembala a komiti ayankhe. Zikapanda kulembedwa, pulezidenti amalankhula yekha n'kuyambitsa mpungwepungwe, kapena aliyense amadikira mnzake mpaka nkhani itazizira.

Bambo Zimba

Ndalowa mochedwa, pepani. Palibe amene wakhudza kafukufuku wa manambala, pomwe ndi amene oyang'anira maloya amamvera kuposa nzeru za m'mabuku.

Chitsanzo chodziwika ndi cha New South Wales ku Australia. Kuyambira 2001 maloya kumeneko analoledwa kuyendetsa ntchito yawo ngati kampani, koma kampani iliyonse inayenera kukhala ndi dongosolo loyenera la kayendetsedwe. Ofesi ya Legal Services Commissioner inakonza fomu yodziyesa wekha pa mbali 10, monga kulankhulana ndi kasitomala, kuchedwetsa ntchito, kufotokoza mitengo, kusunga mafayilo, kuyang'anira antchito, ndalama za makasitomala ndi kupewa kuimira mbali zotsutsana. Christine Parker, Tahlia Gordon ndi Steve Mark anaunika zotsatira n'kusindikiza mu 2010: madandaulo otsutsa makampaniwo anatsika ndi magawo awiri mwa atatu atadziyesa. Kafukufuku ameneyu anayenda kudzera m'misonkhano ngati imene a Tembo atchula, ndipo malo monga Nova Scotia, Colorado ndi Illinois anadzayamba njira zawo zodziyesa.

Koma wofufuza asamale ndi manambala a madandaulo. Dandaulo limayeza kukwiya kwa kasitomala, osati khalidwe lonse. Loya amene wathandiza kampani yaikulu kubisa umboni sadandaulidwa ndi kasitomala wake, amayamikiridwa. N'chifukwa chake pafupifupi paliponse zigamulo za chilango zimadzaza ndi maloya ogwira okha kapena a timaofesi ting'onoting'ono. Mukawerenga zigamulo zokha mudzaganiza kuti vuto lonse lili kwa iwo. Muyenera kufunsanso ndani amadandaula, ndani ali ndi ndalama zodzitetezera, ndi milandu iti imene wofufuza wa bungwe loyang'anira amaipeza yosavuta kutsimikiza. Ndalama ya kasitomala ikasowa mu akaunti, pepala la ku banki limanena lokha. Uphungu woipa woperekedwa m'chipinda chotseka susiya pepala lotero.

Nasuwema

Nkhani ya Post Office ku Britain ikutsimikiza zimenezo a Zimba. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyendetsa mapositi anazengedwa milandu chifukwa cha manambala a pulogalamu ya kompyuta ya Horizon, imene inali ndi zolakwika. Chigamulo cha Justice Fraser mu 2019 chinavundukula zolakwikazo, ndipo mu April 2021 Court of Appeal inafafaniza milandu ya anthu 39, ikunena za kulephera kufufuza ndi kuulula umboni umene ukanathandiza oimbidwa milandu. Palibe tebulo la madandaulo limene likanaonetsa zimenezi. Anazitsata ndi atolankhani, ozunzidwawo, ndi ofufuza monga Richard Moorhead wa ku Exeter, amene gulu lake linaunika ntchito ya maloya pa nkhaniyi pomwe kafukufuku wa boma wotsogozedwa ndi Sir Wyn Williams ankachitika. Funso limene latulukapo ndi la loya wolembedwa ntchito mkati mwa kampani: bwana wake ndi kasitomala wake ndi munthu mmodzi, ndiye akaona cholakwa apite kuti? Ku America anafunsa zomwezo itagwa kampani yaikulu ya Enron, ndipo Sarbanes-Oxley Act ya 2002 pa ndime 307 inachititsa kuti pakhale lamulo loti loya akwere nayo nkhani makwerero a kampani mpaka ku bodi, ABA n'kusinthanso Rule 1.13, ya loya woimira kampani kapena bungwe, mu 2003.

Mphatso

Kwa wofufuza wongoyamba kumene, kufunsa maloya maso ndi maso n'kotheka? Sangakane chifukwa cha chinsinsi chomwechi?

Bambo Zimba

N'kotheka, koma konzekerani zinthu zitatu musanapite. Choyamba, chilolezo cha komiti ya yunivesite yoona za kafukufuku wokhudza anthu, ndipo muifotokozere chimene mudzachite loya akakuululirani cholakwa. Ngati inuyo muli ndi chiphaso cha uloya, m'mayiko ambiri muli ndi udindo wokanena mnzanu amene wachita cholakwa chachikulu, monga Rule 8.3 ku America. Simungalonjeze chinsinsi chimene malamulo anu sakulolani kusunga. Lembani malirewo pa fomu yovomera, ndipo muwawerengere musanayatse chojambulira mawu.

Chachiwiri, musafunse kuti "munayamba mwachitapo zakuti?" Perekani kankhani kopeka ka mizere isanu, ka kasitomala amene wapempha kuti tsiku la pa chikalata libwezedwe m'mbuyo mwachitsanzo, n'kufunsa kuti pa ofesi ngati yawo zingathe bwanji. Sakhudza kasitomala weniweni, ndipo amamasuka.

Chachitatu, kubisa maina sikukwanira. Mukalemba kuti "loya wamkazi wamkulu wa za misonkho mu kampani ya maloya 12", anzake amudziwa. Phatikizani magulu mpaka pakhale anthu angapo amene angafanane ndi kufotokozako. Mafunso 25 kapena 30 ochitidwa bwino pa gulu limodzi la maloya amakwanira pepala labwino, kusiyana ndi mafomu 500 otumizidwa pa intaneti amene abwerako 40, chifukwa oyankha mafomu a za khalidwe amakhala amene kale amasamala za khalidwe.

Mayi Nabanda

Za kusindikiza, makomo odziwika ndi magazini ya Legal Ethics, imene inayamba mu 1998 ndipo imalandira zolemba za mayiko osiyanasiyana, ndi Georgetown Journal of Legal Ethics imene inayamba mu 1987. Zimasiyana kayendetsedwe. Yoyamba imatumiza pepala kwa akadaulo osadziwa dzina la wolemba. Yachiwiri, monga magazini ambiri a masukulu a zamalamulo ku America, imakonzedwa ndi ophunzira. Kwa amene amaunika mobisa dzina, chotsani dzina lanu m'kati mwa fayilo momwe, osati pa tsamba loyamba pokha, ndipo musalembe kuti "monga ndinanenera m'pepala langa la chaka chatha". Gulu la akadaulo amenewa ndi laling'ono, ndiye wounika amene wazindikira wolemba, kapena amene ntchito yake ikutsutsidwa m'pepalalo, auze mkonzi nthawi yomweyo. Anthu ophunzitsa za kupewa kuimira mbali ziwiri ayenera kuyamba ndi iwo eni pamenepa.

Bambo Tembo

Mbali ina imene mabungwewa amathera nthawi yambiri ndi kaphunzitsidwe. Ku America phunziro la khalidwe la maloya linakhala lokakamiza m'masukulu ovomerezedwa ndi ABA mu 1974, itaphulika nkhani yochititsa manyazi ya ndale ya Watergate imene inakhudza maloya ambiri, ndipo mayeso a khalidwe la maloya otchedwa MPRE anayamba mu 1980. Mayesowo ndi mafunso 60 osankha yankho, a maola awiri. Vuto lake aphunzitsi amalidziwa: wophunzira amaloweza pamene mzere wa chilango uli, n'kuphunzira kuyenda m'mphepete mwake. Rhode analimbikitsa kuti khalidwe lilowe m'maphunziro onse, kuti wophunzitsa malamulo a makampani akambe za loya wa kampani, wophunzitsa umboni akambe za mboni yonama. Njirayi imafa pamene palibe mwini wake: aliyense amayesa kuti mnzake wakamba, ndipo pa mayeso sipabwera funso. Imagwira pokhapokha pali phunziro lapadera la maziko, kuphatikiza mapu olembedwa oonetsa sabata iti ya phunziro liti ikukhudza mutu uti, ndi funso limodzi la mamalikisi pa mayeso aliwonse. Bungwe limathandiza posonkhanitsa timilandu tophunzitsira, chifukwa mphunzitsi wa malamulo a malo sangapeke yekha vuto labwino la khalidwe. Canadian Association for Legal Ethics imapatula nthawi pa misonkhano yake ya chaka ndi chaka yokambirana za kaphunzitsidwe.

Nasuwema

Ndipo panopa mapulogalamu a misonkhano adzaza ndi nkhani ya AI, nzeru zopangidwa za makompyuta. Mu June 2023, pa mlandu wa Mata v. Avianca ku New York, woweruza P. Kevin Castel analipiritsa maloya $5,000 atapereka ku khoti milandu yopekedwa ndi ChatGPT, n'kupitiriza kuiikira kumbuyo atafunsidwa. ABA inatulutsa Formal Opinion 512, malangizo a momwe maloya angagwiritsire ntchito AI, mu July 2024, ndipo ku England khoti linachenjeza mwamphamvu pa mlandu wa Ayinde mu June 2025. Ndikupempha amene mukukonza zidule pa mutuwu: nkhani ya milandu yopeka yatafunidwa mokwanira, ndipo yankho lake ndi lakale, loya awerenge chimene akusainira. Mafunso amene akadali osayankhidwa bwino ndi a chinsinsi cha kasitomala chikalowetsedwa mu pulogalamu ya kampani ina, a malipiro pamene ntchito ya maola 6 yatha m'mphindi 20, ndi a momwe loya wamng'ono adzaphunzirire ntchito ngati zolemba zoyamba zonse zikuchitidwa ndi makina.

A Gama

Chimodzi chisanatipitirire: ndalama. Msonkhano umafuna holo, chakudya, ndi thandizo la ulendo kwa ophunzira ndi akadaulo ochokera m'mayiko osauka, apo ayi "international" imangotanthauza mayiko asanu olankhula Chingerezi. Ndalama za umembala sizikwanira, ndiye makampani a maloya, a inshuwalansi ndi a mapulogalamu amadzipereka kuthandiza. Alandiridwe, koma ndi mfundo zolembedwa kale: wothandiza asasankhe olankhula, asaone pulogalamu isanatuluke, dzina lake lilengezedwe poyera, ndipo pasakhale wothandiza mmodzi wosenza gawo lalikulu moti kuchoka kwake kungagwetse msonkhano. Wolankhula amene kafukufuku wake walipiridwa ndi mbali yokhudzidwa, kapena amene anakhalapo mboni ya ukadaulo pa mlandu umene akuukamba, anene pa tsamba lake loyamba.

Mphatso

Ndathokoza nonse. Kafunso komaliza kwa Mayi Nabanda: ngati kafukufuku sanathe pa tsiku lotsekera zidule, munthu alembe zotsatira zimene akuyembekezera, kapena adikire msonkhano wina?

Mayi Nabanda

Tumizani, koma musalembe zimene simunapeze. Nenani pamene mwafika ndi manambala ake: zigamulo 80 mwa 200 zawerengedwa, kapena mafunso 12 mwa 30 achitika, ndipo otsalawo adzatha mwezi wakuti. Kenaka nenani chimene chikuoneka pa gawo lathalo, ndi chimene chingachisinthe. Makomiti ambiri ali ndi gawo la ntchito zosatha, kumene wolankhula amapatsidwa mkulu mmodzi woti awerenge pepala lake n'kumuyankha pagulu. Ngati chilengezo chikutchula gawo limenelo, chongani bokosi lake pa fomu, ndipo mutumizire woyankhayo pepala lanu kutatsala masabata awiri, likhale ndi masamba osapitirira 15 ndi mafunso awiri amene mukufuna akuthandizeni.